Mpando wa mfuti pa pepala: pensulo, utoto ndi inki

Mpando umene Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anawotcherera ku Maputo mu 2001 uli ku British Museum, ku London. Anaupanga ndi mfuti zimene anthu anapereka nkhondo itatha mu 1992, pa ntchito imene Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995 yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Woujambula pamanja ayenera kuonetsa zinthu ziwiri pamodzi: kuti uwu ndi mpando, komanso kuti izi ndi mfuti. Chimodzi chikasowa, chithunzicho chanama.

Pensulo imathandiza poyamba. Imalola kufufuta, choncho wojambula amawerenga zitsulo modekha, n'kuona pamene mfuti ina yathera ndi pamene inzake yalumikizidwa. Koma pensulo njofatsa. Chitsulo chimatuluka chotuwa ngati phulusa, chopanda kulemera.

Utoto wosungunula ndi madzi ndiwo uli ndi msampha. Dzimbiri ndi matabwa a mfuti zimakopa: kufiirira kukasakanikirana ndi madzi, pepala limakongola msanga. Mitundu imayenderera, m'mphepete mwa zitsulo mumafewa, ndipo AK-47 imasanduka ngati nthambi youma ya m'munda. Chithunzi chotere n'choyenera kupachika pabalaza, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mwana wobadwa nkhondo itatha angachiyang'ane osazindikira kuti zidazi zinapangidwira kupha, ndiponso kuti palibe ngakhale imodzi yopangidwa mu Africa. Utoto ukhalepo, koma pang'ono, pa thabwa pokha, pamene panagwira dzanja la munthu.

Inki sifufutika, motero imakakamiza wojambula kutsimikiza mzere uliwonse asanaulembe. Ndiyo imagwira bwino mipata, poti mpandowu uli ndi malo ambiri opanda kanthu, ndipo kuyera kwa pepala pakati pa mizere yakuda kumaonetsa kuti pamenepa munthu sangakhale momasuka. Inkinso ndiyo imaonetsa kanthu kamene diso lothamanga limaphonya. Pa matabwa a mfuti ziwiri zoyedzamira, mabowo a zomangira ndi polowa lamba zimaoneka ngati nkhope zomwetulira. Madontho awiri ndi kamzere kamodzi n'zokwanira. Wojambula akawonjezerapo mthunzi, nkhopezo zimasanduka zidole, ndipo woona amayamba kuseka pamalo pamene Kester anangomusiyira kumwetulira kochepa.