Mafuwa Atatu a Maphunziro a Nyimbo

Ambiri a ife tinakumana ndi dzina la Boethius m'kalasi la filosofi, koma ndi ochepa amene timakumbukira kuti munthu yemweyo, amene anaphedwa cha m'ma 524, analembanso buku lotchedwa De institutione musica. M'bukumo anagawa anthu a nyimbo patatu: oimba ndi zipangizo, opeka, ndi oweruza. Oyambawo anawayesa antchito chabe, pakuti amagwiritsa manja osadziwa chifukwa chake; achiwiriwo anati amatsogozedwa ndi chibadwa osati nzeru; ulemu wonse anaupereka kwa wachitatu, amene amamva nyimbo naiyeza ndi maganizo. Chiphunzitso chimenechi chinalamulira sukulu za Azungu zaka mazana ambiri, kotero kuti nyimbo inkawerengedwa pamodzi ndi masamu ndi maphunziro a nyenyezi.

M'nkhani ino tifuna kuunika njira imene inayesa kugwetsa mpanda umene Boethius anamanga pakati pa atatuwa, ndiyo maphunziro a nyimbo a GCSE ku England, amene ana a sekondale amatenga kuyambira zaka 14 kufikira 16. Funso lathu ndi ili: kodi njirayi yalumikizadi kumvetsera, kupeka ndi kuimba mwa mwana mmodzi, kapena mpanda uja ukadalipo?

Tiyambe ndi gwero lake. Mayeso akale a O-level ankatsamira kwambiri pa cholembera: mbiri ya opeka, malamulo a kagwirizanidwe ka mawu, ndi kulemba zimene khutu lamva. M'chaka cha 1970 John Paynter ndi Peter Aston anatulutsa buku lotchedwa Sound and Silence, m'mene anaonetsa kuti ana wamba angathe kupeka nyimbo m'kalasi, monga momwe amajambulira zithunzi kapena kulemba ndakatulo, asanadziwe malamulo onse. Mu 1979 Keith Swanwick, m'buku lake A Basis for Music Education, anaika kupeka, kumvetsera ndi kuimba pakati penipeni pa maphunziro, nati mbiri ndi luso la zala ndi zothandizira chabe. Pamene mayeso a GCSE analembedwa koyamba mu 1988, maganizo amenewa anali atalowa m'silabasi.

Malinga ndi dongosolo limene linayamba mu 2016, malikisi 30 pa 100 alionse amachokera ku kuimba, 30 ku kupeka, ndipo 40 ku mayeso olemba a kumvetsera. Mwana aimbe mphindi zosachepera zinayi, ndipo mphindi imodzi mwa izo aimbe pamodzi ndi ena. Apekenso nyimbo ziwiri, ina motsata mutu woperekedwa ndi bungwe la mayeso, ina ya kukhosi kwake. Bungwe la Edexcel linasankha nyimbo zisanu ndi zitatu zoti ziphunziridwe mozama, kuyambira za Bach, Purcell ndi Beethoven mpaka za gulu la Queen ndi za John Williams za m'filimu ya Star Wars.

Tiyenera kuvomereza poyera kuti maziko a njirayi ndi olimba. Zitatuzi zili ngati mafuwa: mutachotsa limodzi, mphika sukhala. Taonani nyimbo ya Purcell yotchedwa Music for a While. Pansi pake pali kachigawo kafupi ka mawu aakulu kamene kamabwerezedwa, pamene woimba akuyenda momasuka pamwamba. Mwana amene wangouzidwa zimenezi adzaloweza dzina lake n'kuiwala. Koma amene wayesa kupeka yake pa kachigawo kobwerezabwereza, naona momwe imatopetsera msanga, adzamva ndi khutu lina pamene Purcell asuntha kachigawoko kupita nako kwina kuti womvera asagone. Chimodzimodzi gawo loyamba la sonata ya Beethoven yotchedwa Pathétique: chiyambi chake cholemera ndi choyenda pang'onopang'ono chimabweranso kawiri pakati pa liwiro. Amene anavutikapo kufuna njira yobwezera ganizo lake loyamba ndiye angazindikire kulimba mtima kumene kuli pamenepo. Mphindi ija yoimba ndi ena nayonso si yachabe, pakuti woimba m'gulu sangalowe pa nthawi yake ngati sakumvetsera mnzake. Apa kuimba ndi kumvetsera zasanduka ntchito imodzi, zimene Boethius sanafune kuziona.

Komabe pali zinthu zitatu zimene sitingazibise. Choyamba, zimene silabasi yalumikiza, mayeso amazilekanitsanso. Popeza gawo lililonse lili ndi malikisi akeake, mphunzitsi wopanikizidwa ndi nthawi amakopeka kuphunzitsa maphunziro atatu osiyana pa dzina limodzi. Gawo lolemera koposa ndi lija la cholembera, ndipo mayankho ake ambiri ndi kutchula: chipangizo ichi nchiyani, mawu apa akwera kapena atsika. Kutchula nkofunika, sitikana, koma munthu angathe kutchula zonse molondola mtima wake usanakhudzidwe ndi kanthu. Motero woweruza wa Boethius, amene anatulutsidwa pakhomo, walowanso pazenera.

Chachiwiri, gawo la kuimba siliyeza zaka ziwiri za m'kalasi zokha. Oyesa amaganiziranso kuvuta kwa nyimbo imene mwana wasankha, ndipo luso la vayolini kapena piyano silimera m'miyezi yowerengeka. Mwana amene makolo ake akhala akumulipirira mphunzitsi wapadera kuyambira ali wamng'ono amafika pa mpikisano ali kale patsogolo, pamene mnzake wa khutu lakuthwa koma wa m'banja losauka ayambira pansi. Nzoona kuti mawu a pakamwa amaloledwa ngati chipangizo, ndipo zimenezi zimachepetsako tsankho; koma sizilithetsa. Pamenepa sukulu imapereka mphotho pa mbewu imene sinabzale, ndi kulanga mwana chifukwa cha thumba la makolo ake.

Chachitatu chikhudza kupeka. Paynter ankafuna kuti mwana afufuze mawu ndi kudabwa nawo. Koma nyimbo yopekera malikisi imaopa kulakwa. Imatsata zimene oyesa amayembekeza, ndipo mwana amaphunzira kukondweretsa woyesa asanaphunzire kunena zakezake. Kuonjezera apo, ambiri amapekera pa kompyuta, imene imaimba chilichonse osadandaula. Siipuma mpweya, zala zake sizitopa. Mwana angathe kumaliza nyimbo yake osaimvapo m'kamwa mwa munthu, osadziwa kuti mzere wina ngwautali kuposa mpweya wa woimba. Kupeka kotere kwasiyana kale ndi kuimba, ndipo fuwa limodzi lagwa.

Tiweruze bwanji tsono? Ife tiona kuti cholakwa sichili m'chiphunzitso koma m'sikelo. Swanwick ndi Paynter ananena zoona: nyimbo imadziwika poichita, ndipo kumvetsera kwenikweni ndi ntchito, si kukhala chete chabe. Koma sikelo imayeza zinthu chimodzichimodzi, ndipo chimene chili chamtengo wapatali m'njirayi, ndiko kulowerana kwa zitatuzi, sichikwera pa sikelo. Mphunzitsi wanzeru asalole kuti magawo a mayeso akhale magawo a phunziro lake. Pa ola limodzi ana amvetsere kachigawo ka Purcell, apeke kawo, aimbirane, kenaka abwerere kwa Purcell ndi makutu otsekuka. Nyimbo iliyonse yopekedwa iimbidwe ndi anzake a m'kalasi isanaperekedwe kwa woyesa.

Ambiri mwa owerenga athu ali kale, kapena adzakhala, aphunzitsi ndi oyang'anira sukulu za sekondale. Tsiku lina mudzafunsidwa ngati phunziro la nyimbo likuyenda bwino. Musayambe ndi kaundula wa malikisi. Imani pakhomo la kalasi, mumve ngati mwana amene akuimbayo akumvetsera mnzake, ndiponso ngati nyimbo imene ikumvekayo ili ndi mwini wake m'chipindamo.