Kalata ya Lenti ya 1992: Tiiwerenge Ngati Ulaliki

Pa Lamulungu loyamba la Lenti, pa 8 Malichi 1992, ansembe ndi akatekisti m'matchalitchi a Akatolika m'dziko lonse la Malawi sadalalike mau aoao. Utatha Mthenga Wabwino, adatsegula kabuku kochepa kochokera kwa Maepiskopi, nayamba kuwerengera anthu. Pa Chingerezi kabukuko kadatchedwa Living Our Faith, ndiye kunena kuti chikhulupiriro chathu chizioneka m'moyo wathu. Adasaina ndi abusa asanu ndi awiri: Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa, Ambuye Mathias Chimole a ku Lilongwe, Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi, Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza, ndi Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu.

Ife ansembe a msinkhu wathu tsiku limenelo sitikulikumbuka. Ena tidali kumsana kwa amai athu, ena tidali tisanabadwe. Kalatayo tidayamba kuimva kwa makolo, kenaka tidaiwerenga ku seminale, ndipo kawirikawiri tidaimva ikutchulidwa ngati chiyambi cha kusintha kwa ndale. Zimenezo nzoona: patangopita miyezi khumi ndi isanu, pa 14 Juni 1993, anthu adavotera zipani zambiri pa referendamu. Komatu kalatayo sidawerengedwe pa bwalo la msonkhano. Idawerengedwa pa Misa, pamalo pa ulaliki, kwa anthu amene adabwera kudzapemphera. Tsono nkoyenera kuti tiipime ndi muyeso wa ulaliki, tione chimene idakhoza, chimene idapereweza, ndi chimene ikutitsutsa ife amene timaima pa gome la Mau Lamulungu lililonse.

Tiyambe ndi Mthenga wa tsikulo. Chaka cha 1992 chidali chaka C pa kalendala ya Mpingo, motero anthu adangomva kumene Luka mutu 4, nkhani ya Ambuye Yesu akuyesedwa m'chipululu: kuyesedwa pa nkhani ya chakudya, pa nkhani ya ufumu umene munthu amaupata pogwadira wosayenera kumgwadira, ndi pa nkhani yomugwiritsa Mulungu ntchito kuti anthu akutame. Chaka chomwecho kudagwa chilala chachikulu, chimanga chidauma m'minda chisanakhwime. Anthu amene ankamvetsera ankaidziwa njala, ankakudziwanso kugwada. Wowerenga sadafunike kumanga ulalo wautali pakati pa Malembo Oyera ndi moyo wa anthu, chifukwa ziwirizi zidali zitakumana kale pa mabenchi.

Kalatayo imayambira pa katekisimu amene mwana aliyense wa kalasi ya Ukaristia amamdziwa: munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Kristu adamuombola, choncho ulemu wake sachita kupatsidwa ndi boma kapena ndi mfumu. Zonse zotsatira zikutuluka pa muzu umenewu. Apa mpamene pali nzeru yake yoyamba. Amene adafuna kuitsutsa adanena kuti Maepiskopi alowerera ndale, koma kuti aitsutse bwinobwino adayenera kukana chiphunzitso chimene iwo omwe ankachivomereza akalowa m'tchalitchi mwao.

Koma chimene chidaipatsa mphamvu koposa, monga tikuonera ife, ndi chakuti idatchula zinthu ndi maina ake. Tiganize za mlimi wa fodya kapena wa thonje atakhala kumbuyo, chipewa chili pa bondo. Iye adamvapo maulaliki ambiri onena za chilungamo, ndipo mau akuti chilungamo ankamudutsa ngati utsi wa lubani, wonunkhira bwino, wosagwirika. Tsiku limenelo adamva za malipiro osakwanira kudyetsa banja, za mitengo yotsika imene alimi amagulitsira mbeu zao, za mpata umene unkakulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, za ziphuphu ndi kukondera abale pa ntchito. Mai wa ana adamva za makalasi odzaza ndi aphunzitsi ochepa, za zipatala zopanda antchito okwanira, za matenda a Edzi amene masiku amenewo ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula pa maliro. Adamvanso za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mabuku ndi nkhani zoletsedwa, za mphatso zoumiriza, ndi za khadi la chipani limene munthu ankafunsidwa pofuna kulowa mu msika kapena kukwera basi. Palibe chachilendo chimene adamva. Aliyense ankazidziwa zimenezi, koma ankazinena monong'ona, atayamba wayang'ana uku ndi uku. Chatsopano chidali chakuti zonong'onazo zidanenedwa mokweza, patsogolo pa altare, ndipo zidanenedwa ngati nkhani ya chikhulupiriro. Mkristu adazindikira kuti chimene chimamuwawa mkati mwa mlungu Mulungu amachiona, ndi kuti Mpingo uli nalo dzina lake: ndi tchimo.

Tionenso kalankhulidwe kake. Mulibe chipongwe, mulibe kutukwana. Sitchula dzina la mtsogoleri woti achoke, ndipo sipempha zipani zambiri, ngakhale ambiri lero amaganiza kuti idatero. Imayamikira zabwino zimene zidachitika m'dziko, kenaka nkunena modekha zimene zidalakwika. Kudekha kumeneku ena angakuyese mantha, koma ife tikuona kuti ndi kumene kudasowetsa adani ake pogwira. Munthu wolalata nkosavuta kumnyoza, koma gogo wolankhula pang'onopang'ono zinthu zimene mudzi wonse ukuzidziwa amavuta kumuyankha.

Ndipo mau amenewa adali ndi mtengo wake. Pa 10 Malichi Maepiskopi adaitanidwa ku polisi mu Blantyre nafunsidwa kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kalatayo njoukira, kotero kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene adasindikiza makope 16,000, idatenthedwa. Mwezi wa Epulo Monsinyo Roche adathamangitsidwa m'dziko. Tisaiwalenso katekisti wa ku nthambi yakutali, wopanda galimoto, wopanda wina womudziwa kunja kwa dziko, amene adaima nawerenga mpaka tsamba lomaliza akudziwa kuti wapampando wa chipani wakhala pa benchi lachitatu. Papa Paulo VI adaphunzitsa mu 1975, m'kalata yake Evangelii Nuntiandi, kuti umboni wa moyo ndiwo umatsegula makutu a anthu kuti amve mphunzitsi. Ku Malawi kuno chiphunzitso chimenechi chidaoneka ndi maso.

Tsono kodi kalatayo ilibe polakwika? Tikadanena choncho tikadakhala osyasyalika, ndipo akuluakulu amene adailemba sitikadawalemekeza. Chachikulu chimene tingaidandaule ndi chakuti idachedwa. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 adamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, chifukwa chokana kugula khadi lomwelija. Mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, anthu nkuuzidwa kuti idali ngozi ya pamseu. Chaka chomwecho a Orton ndi mai Vera Chirwa adagamulidwa kuti aphedwe m'bwalo la mafumu, kumene sadaloledwe kukhala ndi loya. Pa zaka zonsezi sipadamveke kalata yofanana ndi ya 1992. Zifukwa zake zilipo. Mu 1960 Mpingo udakangana koopsa ndi chipani cha Kongeresi, Arkiepiskopi Theunissen akunenedwa kuti akuthandiza chipani china, ndipo bala limenelo lidaphunzitsa ambiri kusunga pakamwa kuti sukulu ndi zipatala zipitirire. Tikumvetsa. Komabe wophunzira wa Yesu sangawerenge fanizo la Msamariya wachifundo popanda kudzifunsa kuti pa mseu wa ku Zambia mu 1972 wansembe adadutsa mbali iti. Anthu amene adavulala sadali a Mpingo wathu, ndipo chiphunzitso chao sitigwirizana nacho, komatu pa nkhani ya khadi adatitsogolera ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

Chachiwiri nchocheperako. Kalatayo imamveka kwambiri ngati ikuyang'ana kumtunda, kwa olamula. Wokhala pa benchi akadatha kuimva yonse nkutuluka akudziyesa wolakwiridwa chabe. Chikhalirecho amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa makhadi, amene ankakanenera mnzake chifukwa cha mkangano wa malire a munda, ambiri adali obatizidwa, ena adali a m'kwaya. Ulaliki wa Lenti umayenera kufika pakuti womvera adzigunde pa chifuwa chake. Mwina ntchito imeneyo idasiyidwira ansembe m'maparishi pa Malamulungu otsatira, ndipo imeneyo ndiyo ntchito imene ifeyo tidalandira.

Apa tsono chala chiloze kwa ife. Lero kudzudzula boma pa gome la Mau sikuopsanso. Palibe amene adzatenthe nyumba yosindikizira, ndipo anthu amaomba m'manja. Ena mwa ife tidatola kulimba mtima kwa 1992 nkusiya kudekha kwake ndi muzu wake wa Malembo, motero timakalipa za andale kwa theka la ola, Mthenga wa tsikulo osaukhudza nkomwe, tikumadziyesa aneneri. Kulimba mtima kumene sikukulipiritsa kanthu nkokayikitsa. Ena tidathawira mbali ina: timalalika za chikondi, za mtendere, za kukhululukirana, mau oona onsewo, koma oti angalalikidwe ku Nsanje kapena ku Roma, chaka chino kapena zaka zana zapitazo, popanda kusintha liu limodzi. Tikukumbuka Lamulungu lina, tili ansembe atsopano, titalalika za kusenza mtanda kwa mphindi makumi atatu ndi zisanu, tikuika ndi mau a Chigriki omwe. Potuluka mai wina wachikulire adatigwira dzanja mwaulemu nati, "Bambo, mwalalika bwino. Nanga ine amene ndikulera zidzukulu zinai, bambo ao ali ku Joni osatumiza kanthu, mtanda wanga ndi umenewu, kapena ndiyembekeze wina?" Sitidamuyankhe msanga. Funso lakelo ndilo lidayenera kukhala ulaliki wathu.

Papa Fransisko, m'kalata yake Evangelii Gaudium ya 2013, adapatula ndime zambiri pa nkhani ya ulaliki wa pa Misa. Adalangiza kuti ukhale waufupi, usasanduke phunziro la m'kalasi, ndipo mlaliki atchere khutu limodzi ku Mau a Mulungu, lina kwa anthu ake. Khutu lachiwirili ndilo limativuta. Zaka zambiri za filosofi ndi teoloje zimatiphunzitsa kumva mabuku, koma kumva anthu kumaphunziridwa pa mkeka wa m'limana, pa siwa, pa khonde la wodwala. Maepiskopi a 1992 adakhoza chifukwa adalemba zimene anthu ao ankalira nazo. Zolira za lero nzina: katapila amene wadya ziwiya za m'nyumba, mnyamata wa digiri amene akugulitsa mayunitsi, mai wamasiye amene achibale a mwamuna wake amulanda malata, mbusa wa pa wailesi amene akugulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala powalonjeza chuma. Mthenga Wabwino uli ndi mau pa chilichonse mwa izi, ndipo Akristu athu amadabwa chifukwa chake sakuwamva.

Palinso malo amodzi amene timawazemba tonse, ansembe ndi akhonsolo ya parishi. Kalata ija idanena za malipiro oyenera. Kodi wophika wa kunyumba ya ansembe amalandira zingati? Nanga mlonda wa tchalitchi, nanga katekisti amene amapalasa njinga kunthambi zitatu? Kodi ndalama za mtulo ndi za pepa sande zimalengezedwa poyera mmene zayendera, ndipo Mkristu wofunsa amayankhidwa mwaulemu, kapena amayamba kutchedwa wovuta? Mabanja nawonso asadzipatule. Bambo amene amayamikira Maepiskopi chifukwa cholankhulira ufulu, pamene mkazi wake ndi ana amakhala chete iye akangolowa pakhomo, ndiye kuti kalatayo sidafike kunyumba kwake. Mtsikana wantchito amene tidamtenga kumudzi, amene amadzuka woyamba nagona womaliza, osapita ku sukulu, nayenso adalengedwa m'chifaniziro chomwe chija chimene tsamba loyamba la kalata likunena.

Mthenga wa Luka mutu 4 udawerengedwanso pa Lamulungu loyamba la Lenti mu 2025, ndipo udzabweranso mu 2028. Pakati apa malimana angachite bwino kupeza kope la kalatayo kwa bambo mfumu kapena kwa akuluakulu amene adaisunga, ena adaibisa m'denga kapena pansi pa mphasa. Aiwerenge ndime imodzi pa msonkhano uliwonse, achinyamata ali pomwepo, ndipo agogo amene adali m'tchalitchi tsiku lija apatsidwe mpata wofotokoza zimene adaona wowerenga atatseka kabuku kaja.