Beni wa Ana a Sukulu: Masewera Kapena Perete?

Abale, mukaona ana a sukulu za ku Mangochi alikupikisana pa Beni, yang'anitsani nkhope zao. Gule ameneyu anabadwira kwa Aswahili a kugombe m'zaka za m'ma 1890, nafika kunyanja kuno ndi asilikari ocokera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Dzina lace licokera ku liu la Cingerezi lochula gulu la oimba malipenga. Ukoma wace uli apa: mmphawi abvala mendulo zacabe, nayenda monyada ngati kaputeni, ndipo mudzi wonse useka.

Koma mphotho ikalowapo, kuseka kuthawa. Mapazi alingana, ng'oma siziphonya, koma ana aumitsa nkhope, naopa oweruza monga msilikari aopa mkuru wace. Ena asiya mabuku pansi pa mtengo wa mango sabata lathunthu cifukwa ca cikho. Cotero gule woseka perete asanduka perete weniweni.

Aphunzitsi, musaletse Beni ai. Koma muyamike gulu lokondweretsa anthu koposa lolinganiza mapazi. Pakuti mwana wobvina mokondwa abwerera ku buku lace mtima uli wopepuka.