Buku lopereka mayina otsegulira mbiri ya kunyanja

Buku: Historical Dictionary of Malawi, kope lachinayi
Mlembi: Owen J. M. Kalinga
Osindikiza: Scarecrow Press, 2012

Aliyense amene anawolokapo mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi anachiona chipilala cha wotchi choima kufupi ndi mtsinje wa Shire. Anyamata a kabaza amachizungulira kuyambira mbandakucha, amayi osenza mabeseni a usipa amadutsa pomwepo popita kumsika, ndipo mfuti yaikulu yachitsulo ili pambali pake yazolowereka ngati chitsa cha m'munda. Imitsani anthu khumi muwafunse za malowa. Ndi angati angakuuzeni kuti chipilalacho chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria? Ndi angati akudziwa kuti mfutiyo inachokera m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, nkhondo yaikulu yoyamba itangoyamba? Nanga anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946, amene chikumbutso chawo chili pamalo omwewo? Mbiri tinaibereka kumbuyo ngati mwana: kulemera kwake timakumva, koma nkhope yake sitiiona.

Buku la a Owen Kalinga ndi la munthu amene wafuna kumutsitsa mwanayo kuti amuyang'ane kumaso. Linayamba kalekale. Kope loyamba analemba ndi Cynthia Crosby mu 1980, lachiwiri linatuluka mu 1993, lachitatu mu 2001 a Kalinga atalowamo, ndipo lachinayili alisenza okha. A Kalinga ndi Mmalawi, anaphunzitsapo mbiri ku Chancellor College asanakakhazikike ku North Carolina State University, ndipo amadziwika ndi buku lawo la mbiri ya ufumu wa Angonde la 1985. Dzanja la mwana wa mudzi likuoneka m'kopeli. Mafumu, aphunzitsi, abusa ndi andale akuda amene mlendo akanawalumpha, kuno ali ndi malo awo.

Kamangidwe kake nkosavuta. Kumayambiriro kuli ndondomeko ya zaka ndi zochitika zake, kenaka mawu otsogolera ofotokoza dziko mwachidule. Thunthu la buku ndi mitu yambirimbiri yondandalikidwa kuyambira A mpaka Z: anthu, malo, zipani, mipingo, mbewu, makampani. Mkati mwa mutu uliwonse, mawu amene ali ndi mutu wawo kwina alembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri, kotero kuti wowerenga amachoka pa dzina lina kupita pa lina ngati wodumpha pamiyala powoloka mtsinje. Kumapeto kuli mndandanda wautali wa mabuku ndi zolemba, wogawidwa potsata nkhani. Si buku lowerenga kuchokera kuchikuto kukafika kuchikuto. Ndi buku lofunsako njira.

Ine ndinaliyesa ndi kwathu. Ndinayambira pa Mangochi, ndipo njira inanditengera ku Fort Johnston, linga limene Harry Johnston anamanga mu 1891 kutsidya kwa mudzi wa Mponda kuti agwire pakhosi pa nyanja, pomwe Shire amatulukira. Kuchoka kwa Mponda ndinafika kwa Makanjira, mfumu imene inalowa Chisilamu cha m'ma 1870 ndipo anthu ake anapha Kaputeni Cecil Maguire mu Disembala 1891. Kuchoka kumeneko ndinakwera phiri kwa Jalasi, amene anagonjetsedwa mu 1895. Phiri lakelo ndilo Mangochi, dzina limene boma lonse linadzatenga ufulu utabwera. Pa ola limodzi, mayina amene ndinkangowamva ngati malo okwerera matola anasanduka anthu okhala ndi nzeru zawo, malonda awo a minyanga ndi akapolo, mantha awo ndi adani awo. Chondisangalatsa n'chakuti a Kalinga samupaka munthu mafuta, komanso samupaka matope. Mafumu a Chiyao akuoneka monga analiri: olamulira amphamvu amene anakana kulandidwa dziko, amenenso analemera ndi malonda ogulitsa anthu anzawo.

Ulusi womwewo umakafika kwa Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, amene kwawo kunali ku Malindi. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu 1964, Chipembere anabisala m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsika ndi anthu pafupifupi 200, analanda zida pa boma la Fort Johnston n'kuuyatsa wa ku Zomba, koma pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina. Anamwalira ku America mu 1975. Ife amene tinakula dzina limeneli likutchulidwa monong'ona, timadziwa kufunika kwa kuliona litalembedwa poyera, zaka zake zili m'malo mwake, popanda woyang'ana kumbuyo.

Komabe phindu lalikulu la bukuli ndinalizindikira chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga. Kusukulu anamuuza kuti alembe mbiri ya dera la kwawo. Anagula bando, analemba mawu akuti Mangochi pa foni, ndipo zimene zinabwera ndi zithunzi za mahotela, mitengo ya zipinda ndi azungu osambira ku Cape Maclear. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Amalume, kwathu kuno kulibe mbiri." Ndinamukhazika pakhonde, tinatsegula bukuli, ndipo ndinamulembera mayina asanu kuseri kwa kope lake: Fort Johnston, Mponda's, Makanjila, Zarafi, Guendolen. Atawalemba pa foni limodzilimodzi, makomo anayamba kutseguka. Bando inatha iye asanakhute.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Intaneti ili ngati nkhokwe yodzaza koma yamdima: wolowamo wopanda nyali amangotuluka ndi zapakhomo. Zambiri za dera lathu zinalembedwa ndi azungu, m'kalembedwe kawo, pansi pa mayina amene lero sitiwagwiritsa ntchito. Jalasi iwo ankamulemba Zarafi. Makanjira amapezeka ngati Makanjila. Viphya ankailemba Vipya, Guendolen ena amailemba Gwendolen, ndipo Ayao kwina ndi Yao, kwina Yawo, m'mabuku akale kwambiri Ajawa. Wosadziwa zimenezi amaganiza kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Buku la a Kalinga ndi nyali imeneyo, chifukwa limakupatsa dzina, chaka ndi munthu wina wogwirizana nalo, zinthu zitatu zokwanira kuyambira ulendo.

Ulendowo uli ndi kolowera kwambiri. Magazini ya Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal, ikupezeka pa JSTOR, ndipo muli nkhani zochuluka za sitima za panyanja, malinga ndi mafumu a kuno. Makalata a David Livingstone, amene anafika kumwera kwa nyanjayi mu Seputembala 1859, akuwerengeka pa Livingstone Online. Zolemba za tsiku ndi tsiku za ansembe a White Fathers amene anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 anazisindikiza Ian Linden, ndipo zimaonetsa moyo wa m'mudzi wa mfumuyo pafupi kwambiri. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University. Zimene sizili pa intaneti zili ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, ndi ku Lake Malawi Museum pa Mangochi pomwepa. Wofuna kuzama pa Ayao sangalumphe Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah cha 1919, cholembedwa m'Chiyao ndi mwini chilankhulo, kapena The Yao Village la J. Clyde Mitchell la 1956. Wofuna nkhani yoyenda mwandondomeko aliphatikize ndi A History of Malawi 1859-1966 la John McCracken, limene linatuluka chaka chimodzi ndi kopeli.

Ndalitama mokwanira, ndipo ndiyenera kunenanso pamene likuperewera. Sikelo yake yapendekera kuboma, kumishoni ndi kundale. Sindiwaimba mlandu waukulu a Kalinga, chifukwa buku lotere limamwa pachitsime cha zolembedwa, ndipo amene ankalemba anali bwanamkubwa, DC ndi mmishonale. Za Livingstonia Mission ku Cape Maclear mu 1875 ndi kusamuka kwake kupita ku Bandawe mu 1881 tili ndi makalata, zaka ndi manda olembedwa mayina. Koma mashehe amene ankayenda wapansi m'midzi ya kwa Makanjira ndi kwa Mponda kuphunzitsa Kurani, kupatula ochepa otchuka monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, mbiri yawo yatsala m'mitu ya zidzukulu zawo ndi m'mapepala a zilembo za Chiarabu osungidwa m'masutikesi.

Pitani ku Msaka kapena ku Malembo usiku wopanda mwezi. Nyali zimayandama panyanja ngati mudzi wosamuka. Siginala ali yekha m'bwato lake laling'ono, akuwerenga madzi, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala, ndipo akangopereka chizindikiro alovi amaponya chilimira n'kuyamba kukoka. Kukacha, amayi ogula nsomba ali kale pamchenga ndi zidebe, kutsutsana mtengo, kenaka kukayanika pathandala. Chuma cha boma lino chimayambira pamenepo. M'mabuku mungapeze za abale a Yiannakis, Agiriki amene anayamba usodzi waukulu kuno m'zaka za m'ma 1930, za Maldeco imene inalowa m'malo mwawo, ndi za kutha kwa chambo m'nyanja ya Malombe kumene kunabala makomiti a m'madoko mu 1993. Koma nzeru za siginala, malamulo a kagawidwe ka ndalama pakati pa mwini ukonde ndi alovi, ndi mmene mayi wa usipa amalipirira ana fizi, zimenezi mutu umodzi wa usodzi m'buku la dziko lonse sungazikwanitse.

N'chimodzimodzi ndi ulendo wa ku Joni. Mbiri yolembedwa imadziwa za Wenela, za ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974 imene inapha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, ndi za TEBA imene inasiya kulemba anthu athu mu 1988. Koma ulendowo sunathe. Anyamata a Mangochi akupitabe, ndipo nyumba za malata, njinga zamoto ndi mashopu a m'mbali mwa msewu wa ku Namwera ndi umboni wake, pamodzi ndi amayi olera ana okha zaka zisanu. Magule nawonso afupikitsidwa. Beni, manganje ndi sikiri si mayina chabe oti n'kuwamasulira m'mizere itatu. Ali ndi oyambitsa nyimbo, osoka zovala, ndi nyengo yake, makamaka pamene anamwali a jando ndi nsondo akutuluka kusimba mudzi wonse uli mumsewu.

Vuto lina ndi la chilankhulo ndi mtengo. Bukuli ndi la Chingerezi, losindikizidwa ku America, lokonzedwera malaibulale a mayunivesite. Mtengo wake mphunzitsi wa ku Chimbende sangaufikire ngakhale atamanga lamba miyezi ingapo. N'zopweteka kuti buku lonena za Mponda livute kupezeka kwa Mponda. Ndikupempha osindikiza athu monga Kachere ndi Mzuni Press, amene asonyeza kale kuti mabuku ozama angathe kusindikizidwa kuno pamtengo wofikirika, kuti aganizire kope la m'dziko muno. Ndikupemphanso a National Library Service kuti nthambi iliyonse ikhale ndi lake, ndipo mawayilesi a kuno monga Dzimwe ya ku Monkey Bay atenge mutu umodzi pasabata, aufotokoze m'Chiyao ndi m'Chichewa, kenaka atsegule mafoni kuti agogo awonjezere ndi kukonza.

Kodi ndi loyenera ndani? Mphunzitsi wa mbiri, mtolankhani, wophunzira wa kukoleji, mlembi wa mfumu, wotsogolera alendo ku Cape Maclear, ndi aliyense amene watopa kumva za kwawo mwa mphekesera. Alitenge monga momwe mlendo amatengera munthu womulozera njira pamphambano: amuthokoze, koma asayembekeze kuti amuperekeza mpaka pakhomo.

Mwana wa mchemwali wanga uja anamaliza ntchito yake ya kusukulu, koma sanalekere pomwepo. Atawerenga za 1965 anakumbukira kuti agogo ake aakazi anali mtsikana nthawi imeneyo, cha ku Malindi komweko. Tsiku lina madzulo ndinamupeza atakhala pamphasa pafupi nawo, foni ili pakati pawo ikujambula mawu. Agogowo ankafotokoza m'Chiyao mmene ankabisira ufa pansi pa nkhuni popita kuphiri, ndi mmene mudzi unakhalira chete asilikali atafika. Zimenezo m'buku la a Kalinga mulibe, ndipo pa intaneti palibe. Koma popanda bukulo mwanayo sakanadziwa chaka chofunsa kapena dzina lotchula kuti agogo atsegule pakamwa. Pamene ndinkachoka, anali atafika pa funso lachitatu, ndipo agogowo anamuuza kuti abwerenso mawa, nkhaniyo ndi yaitali.