Diso Lophunzitsidwa ndi Filimu

Wojambula wa ku Chadiza wa masiku a filimu ankawerengeratu asanakwere njinga. Filimu imodzi ya Kodak kapena Fuji inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo wadzanja labwino poilowetsa m'kamera ankafinyamo china chimodzi chapamwamba. Kotsukitsa kunali kutali, ku Chipata. Chithunzi chikawonongeka, ndalama inkatuluka m'thumba mwake, pakuti palibe mayi akanalipira chithunzi chimene mwana wake watsinzina.

N'chifukwa chake ntchito yonse inkatha chala chisanakhudze batani. Ankayamba wayang'ana dzuwa. La masana ankalikana, chifukwa limagwetsa mthunzi m'maso munthu n'kuoneka ngati wadwala. Ankakokera anthu pansi pa mtengo wa mango kapena kudikira kuti lipendeke. Pa ukwati mpamene luso lake linkaonekera: diresi loyera mbee pambali pa nkhope yakuda. Akatsata kuwala kwa diresi, nkhope ya mkwatibwi inkamira mumdima, ndiye iye ankatsegulako kamera pang'ono kuti nkhopeyo ituluke, diresi lionere lokha. Ankabwerera m'mbuyo mpaka nsapato zilowe, podziwa kuti munthu wagula nsapatozo kuti zioneke. Kenaka kacheza pang'ono, “Amama, kwezani chibwano, yang'anani kuno,” mapewa n'kumasuka, ndiye kamodzi kokha, thwa! Ine luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa zotsatira ankakaziona patapita masiku, anthu a ukwati atabalalika kale.

Pabwalo la gule mpamene pankavuta. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, sadikira wojambula, ndipo sujambula usanapemphe kwa eni dambwe. Amene anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kumene mafumu a ku Chadiza monga Mlolo, Mwangala ndi Zingalume amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi, akudziwa fumbi lake ndi liwiro lake. Wa filimu ankajambula ndi khutu. Ankamvetsera mbalule, n'kudziwa pamene ng'oma ikukwera kuti chilombo chatsala pang'ono kutembenuka, ndiye ankadina chisanatero. Kamera zambiri za nthawiyo zinali ndi kagalasi kamene kamatseka diso la wojambula pa kamphindi kojambulako, choncho akaona ndi maso ake phazi lili m'mwamba, ankadziwa kuti wachedwa.

Kamera ya dijito anaipanga koyamba Steven Sasson mu 1975, ali pantchito ku Kodak komweko, ndipo pofika 2012 kampaniyo inali itagwa ndi ngongole. Lero foni ya mnyamata wa pa Chadiza boma imasunga zithunzi masauzande. Sindikudandaula nazo. Pa gule, pa mpira, pa ana othamanga, jambulani zambiri ndithu. Makanja akamadutsa pa ndodo zawo, zithunzi khumi zotsatizana zimagwira chimene chimodzi chikanaphonya.

Koma pa nkhope ya munthu nkhani ndi ina. Agogo akakhala pampando kuti ajambulidwe, nkhope yawo yeniyeni imakhalapo kanthawi kochepa. Ukafika pa chithunzi cha 15 amakhala atatopa, milomo yauma, maso akufunsa kuti kodi sizinathe. Ziwiri kapena zitatu zikwana, bola kuwala ndi poima zikonzedwe kale. Wozolowera filimu ukam'patsa kamera ya dijito umam'zindikira msanga: sayang'ana kagalasi kakumbuyo akangodina, maso ake amakhalabe pa munthuyo, ndipo nthawi zambiri kumwetulira kwabwino kumabwera pamenepo, munthu akuganiza kuti zatha. Madzulo akakhala pansi kusankha zokasindikiza, amafufuta mopanda chisoni, chifukwa chimene ankachifuna anachidziwa ali pabwalo pomwepo.