Milungu ya Agiriki pa Njanji

Kumpoto kwa Paris kuli paki yachisangalalo yotchedwa Parc Astérix. Mu 1997 anatsegulako roller coaster yamatabwa, sitima ija yothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika, n'kuitcha Tonnerre de Zeus. Pakhomo pake anaimika chiboliboli chachikulu cha Zeus atagwira mphezi, miyendo ili tang'a, kuti anthu azidutsa pansi pake. Wokweza maso ankaona kuti mfumu ya milungu yavala kabudula wamkati wamaluwamaluwa. Ena amati n'chipongwe. Koma amene anaganiza zimenezi ankalidziwa luso lake: mlendo wa m'paki sawerenga zikwangwani. Nkhani amaimva ndi khosi, mapazi ndi m'mimba.

Wojambula mapulani a dera la Agiriki amayamba ndi funso lovuta: Greece wake uti? Anthu ambiri akamva dzinali amaona nsanamira zoyera zili mbuu padzuwa, denga palibe. Amenewo ndi mabwinja. Parthenon wa ku Athens, amene anamangidwa pakati pa 447 ndi 432 Khristu asanabadwe, anali ndi utoto wofiira ndi wabuluu kumtunda kwake, ndipo ziboliboli zambiri zinkapakidwa mitundu yowala. Mvula ndi zaka n'zimene zinasuka utotowo, kenako akatswiri monga Johann Winckelmann, m'buku lake la 1764, anaphunzitsa Ulaya kuti kuyerako ndiko kukongola. Pamene Vinzenz Brinkmann anaonetsa ziboliboli zopakidwanso utoto ku Munich mu 2003, ambiri anadabwa kuti zikuoneka ngati za pachionetsero cha ana. Ndiye wojambula akasankha zoona, alendo amati wanama. Akasankha zoyera, wamangira milungu yamoyo nyumba yakugwa.

Europa-Park, ya banja la Mack ku Rust m'dziko la Germany, inathawira pakati. Dera lake la Greece, lotsegulidwa mu 2000, lili ndi tinyumba toyera ta mazenera abuluu ngati ta pachilumba cha Mykonos, pamodzi ndi hatchi yamatabwa ya ku Troy ndi makachisi. Zinthu zimenezi zatalikirana ndi zaka masauzande, koma diso silidandaula, chifukwa kamudziko kamapatsa munthu pokhala, podyera ndi pobisala dzuwa, zomwe kachisi sangapereke. Kachisi wa Agiriki sanali nyumba yosonkhaniramo anthu. Guwa lansembe linkakhala panja, khamu linkaima panja, ndipo m'kati munali mwa chiboliboli. Nyumba yomwe inamangidwira khamu inali stoa, khonde lalitali la nsanamira m'mbali mwa msika. Ndi lomwe likuyenera mzere wa anthu odikira ola lathunthu, ngakhale ojambula ambiri amathamangira kachisi poti ndiye amakoma pa chithunzi.

Nsanamira nazo zili ndi msampha. Amisiri a Parthenon, Iktinos ndi Kallikrates, sanafune mizere yowongoka ndendende: nsanamira zinatupa pang'ono chapakati, zinapendekera m'kati, ndipo pansi pomwe zaima panakwera pang'ono pakatikati. Nsanamira ya paki, youmbidwa m'chikombole ndi simenti kapena pulasitiki, ikangowongoka ngati paipi imaoneka yakufa, ngakhale mlendo sangathe kunena chavuta. Komabe simenti siyochititsa manyazi. Nsanamira zofiira za ku Knossos, zomwe mapaki amakonda kukopera, zambiri n'zimene Arthur Evans anamanganso ndi konkire atayamba kukumba malowo mu 1900.

Zonsezi ndi chovala chabe. Pomwe luso limaonekera ndi pamene makina ayamba kuyenda.

Nthano za Agiriki zadzaza ndi kuuluka, kugwa, kusochera, kumira ndi kutsikira kumanda. Makina a paki amachitanso zomwezo. Ntchito ya wojambula ndi kukwatitsa mayendedwe a makina ndi nthano yoyenera, ndipo ukwati ukalakwika, dzina la mulungu limangokhala chikwangwani. Chitsanzo chabwino ndi Pégase Express, yomwe Parc Astérix inatsegula mu 2017. Sitima imathamanga n'kukalowa m'kachisi momwe muli Medusa, mkazi wa tsitsi la njoka amene womuyang'ana ankasanduka mwala. Kenako imatuluka chafutambuyo, mwaliwiro. Palibe amene akufunika kuuzidwa tanthauzo lake, popeza thupi lathawa kale. Ngakhale dzina silinangotoledwa: m'nthano, hatchi yamapiko Pegasus inabadwa pamene Perseus anadula mutu wa Medusa. Pa nthano za kwathu omvera amayankha kuti tili tonse. Apa kuyankha kwake ndi kukuwa, ndipo wojambula amadziwiratu pakhota pomwe kukuwako kudzamvekere.

Ku Mt. Olympus, paki ya ku Wisconsin Dells ku America, zomanga zake sizinganyengerere aliyense, koma anachita chinthu chimodzi cholondola. Sitima yomwe inatsegulidwa mu 2005 ndi dzina loti Hades imalowa mumdima pansi pa malo oimika magalimoto, n'kukatulukira tsidya lina. Mulungu wa dziko la akufa anapatsidwa njira yapansi panthaka. M'paki yomweyo muli Zeus ndi Cyclops, koma mutasinthanitsa zikwangwani zawo usiku, m'mawa palibe angazindikire.

Chovuta kuweruza ndi El Laberinto del Minotauro ku Terra Mítica, paki ya ku Benidorm m'dziko la Spain, yomwe inatsegulidwa mu 2000 ndi madera a Egypt, Greece, Rome, Iberia ndi zilumba. Alendo amakwera ngolo, amapatsidwa mfuti zowala, n'kumawombera zilombo mpaka atafika kwa Minotaur, wa thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe. Zidole zake n'zazikulu, ana amasangalala. Koma mtima wa nthanoyo ndi mantha osochera: Theseus analowa m'njira zosokoneza za Daedalus atagwira ulusi umene Ariadne anamupatsa, kuti adzathe kutuluka. Ngolo yoyenda pa njira yoikika siisochera. Wokwera amadziwa kuti atuluka, maso ali pa manambala a zomwe wawombera. Ulusi, chinthu chotchipa kwambiri m'nkhani yonse, ndi umene unasowa.

Fluch der Kassandra ya ku Europa-Park inayenda njira yochenjera. Anthu amakhala pa mabenchi m'chipinda, mabenchiwo amagwedezeka pang'ono ngati katungwe, pamene makoma ndi denga zikuzungulira, mpaka munthu amalumbira kuti wazondoka. Cassandra, mwana wa mfumu ya Troy, anatembereredwa ndi Apollo kuti azilosera zoona koma wina asamukhulupirire. M'chipindamo zatembenuka: maso akunama, ndipo aliyense akuwakhulupirira. Kaya omanga anaganiza mpaka pamenepo kapena zinangochitika, chipindacho chimasiya munthu akukayika zomwe waona, ndipo nthano ya Cassandra imakhudza zomwezo.

Palinso nkhani ya zoyenera kubisa. Milungu iyi sinali ya makhalidwe abwino. Kronos ankameza ana ake, Zeus ankagwirira akazi atadzisandutsa chinsansa kapena ng'ombe, ndipo Herakles anapha banja lake misala itamugwira. Paki yolandira ana a zaka 6 singaonetse zimenezi, koma ikachotsa zoopsa zonse imatsala ndi agogo a ndevu zoyera omwetulira. Parc Astérix inapulumukira m'nthabwala, chifukwa mabuku a Astérix, a René Goscinny ndi Albert Uderzo, anali ataphunzitsa kale owerenga kuseka anthu akale. Kabudula wa Zeus amavomereza kuti mulunguyu anali wa zochitika, popanda kuuza mwana chilichonse. Ngakhale Icarus, amene anagwera m'nyanja phula la mapiko ake litasungunuka, ali ndi kasitima kake kumeneko, Le Vol d'Icare, ndipo onse amatsika ali moyo.

Amene anayesa kupanga zoopsa popanda kuseka ndi kampani ya Universal, ku paki ya Islands of Adventure mumzinda wa Orlando, mu 1999. Mu Poseidon's Fury munalibe ngolo. Anthu ankayenda wapansi m'kachisi wogumuka, chipinda ndi chipinda, motsogozedwa ndi wosewera, mpaka kufika pa ngalande yomwe madzi ankazungulira mwamphamvu m'makoma ndi pamwamba pa mitu yawo. Kudutsa pamenepo kunali kulowa m'nyumba ya mwini nyanja ndi mapazi ako. Nkhani yake inali yosokonekera, moti inalembedwanso patangopita zaka zochepa, koma ngalandeyo inali Poseidon weniweni kuposa chiboliboli chilichonse.

Chimene chinavuta ndi malonda. Zeus alibe mwini: aliyense angamugwiritse ntchito osalipira, ndipo pa chifukwa chomwecho palibe angaletse paki yoyandikana nayo kumangako wake. Mu 2010 gawo lalikulu la Lost Continent, dera lomwe munali Poseidon's Fury, linaperekedwa kwa Harry Potter, amene ndodo zake ndi zakumwa zake zimagulitsidwa ndi chilolezo. Poseidon's Fury inatsekedwa mu May 2023, ndipo moyang'anizana nayo munatsala lesitilanti ya Mythos, yomangidwa ngati phanga la miyala yosemedwa nkhope, ikugulitsabe chakudya.