"Asidi Wamphamvu": Liwu Limodzi Losenza Matanthauzo Aŵiri

Omasulira nkhani za sayansi m'Chicheŵa ali ndi chizoloŵezi choika liwu lakuti "wamphamvu" m'malo mwa mawu aŵiri a Chingerezi, strong ndi concentrated. Liwuli limakoma m'khutu, koma limaphatikiza zinthu ziŵiri zimene mphunzitsi amavutika kuzilekanitsa m'kalasi.

Choyamba ndi chibadwa cha asidi. Asidi wa haidirokoloriki akaloŵa m'madzi, mamolekyulu ake pafupifupi onse amagaŵika ndi kutulutsa maayoni a haidirojeni, pamene a asidi wa asetiki, wopezeka m'viniga, amagaŵika oŵerengeka chabe. Chachiŵiri ndi kuchuluka kwa asidi m'madzimo, kumene munthu angathe kukusintha pothirako madzi ena.

Kusiyanaku kumaoneka pa pH. Pa mlingo wa mamolo 0.1 pa lita, asidi wa haidirokoloriki ali ndi pH 1, koma wa asetiki ali ndi pH pafupifupi 2.9, popeza molekyulu imodzi yokha mwa 100 ndiyo imagaŵika. Woyambayo akathiridwa madzi mpaka kutsika pa mamolo 0.001, pH yake imafika pa 3, kulingana ndi mnzake uja, chonsecho chibadwa chake sichinasinthe. Wophunzira amene anauzidwa kuti kuthira madzi "kumachepetsa mphamvu" adzamutcha wofooka, ndipo adzalakwa.

Liwu lakuti "wofooka" ndiye loopsa kumene. Asidi wa haidirofuloriki sagaŵika kwathunthu, motero amaŵerengedwa m'gulu limeneli, koma amadya galasi ndipo amapyola khungu mpaka kuwononga fupa.

Chicheŵa sichikusoŵa mawu. Mchere umakolera m'ndiwo, umasukulukanso madzi akachuluka. "Wokolera" ndi "wosukuluka" angaimire bwino kuchuluka ndi kuchepa kwa asidi m'madzi, ndipo chibadwa chingatchulidwe ndi mawu akuti "wogaŵika kwathunthu" ndi "wogaŵika pang'ono". Ndi aatali ndithu, koma akunena chimene chikuchitika m'botolo.

Akonzi nawonso ayenera kusamala ndi chizindikiro cha muyeso umene Søren Sørensen anayambitsa ku Copenhagen mu 1909. Chimalembedwa pH ngakhale kumayambiriro kwa chiganizo. Si "ph" wa m'mawu akuti "phala", ndipo Ph ndi chizindikiro cha chinthu china m'kemisitiri.